Musanagule Pikapu, Yambani Mwawerenga Matumba

Lero tikambirana za galimoto imene ambiri a ife timayamba kuilakalaka kabizinesi kakangoyamba kuphuka, fodya akagulidwa bwino, kapena ndalama za penshoni zikatuluka. Galimoto yake ndi pikapu. Nkhani yathu tiyambira ku Mtsiliza mu mzinda wa Lilongwe, kumene ine ndimakhala, koma zimene tinene zikukhudzanso mlimi wa ku Mzimba ndi wogulitsa nsomba wa ku Mangochi.

Amene simudafikeko ku Mtsiliza dziwani kuti ndi dera la anthu ochuluka, loyandikana ndi Mtandire, kufupi ndi Area 47 ndi Area 49. Nyumba n'zothithikana, ndipo misewu yambiri ya m'kati ndi yadothi ndiponso yopapatiza. M'chilimwe mumakhala fumbi, m'dzinja matope ndi ngalande zokumbidwa ndi madzi. Koma mukangoyenda mphindi zochepa mwafika pa phula, pa mzere wa magalimoto opita ku City Centre, ku Old Town kapena ku Kanengo. Motero galimoto ya munthu wa ku Mtsiliza imakumana ndi misewu ya mitundu iwiri tsiku lililonse, monga momwe zilili kwa anzathu a ku Chinsapo, ku Mgona, ku Biwi ndi ku Area 23.

Mnansi wanga wina, bambo wachikulire amene adapuma pa ntchito, adatenga gawo lalikulu la penshoni yake n'kugula pikapu ya zitseko zinayi, yonyezimira bwino, yochokera kunja. Zolinga zake zidali zabwino. M'mawa ankafuna kuperekeza adzukulu kusukulu ndi mayi kumsika, Loweruka kukatenga chimanga ku Mitundu kapena ku Nsundwe, ndiponso kukoka ngolo ya njerwa ndi thanki ya madzi kupita ku poloti kumene akumanga nyumba. Chaka chisanathe masipuling'i a kumbuyo adagona, kilachi idapsa kawiri, ndipo tsiku lina kukugwa mvula ngolo ya njerwa idakankha galimoto pa mtsetse mpaka kuigwetsera m'ngalande. Mwamwayi palibe adamwalira. Bamboyo ankadandaula kuti adamugulitsa galimoto yofooka, koma titapita naye kwa makaniko tidapeza kuti galimotoyo idalibe mlandu. Chimene ingathe kunyamula chidali cholembedwa pa kachitsulo m'mphepete mwa chitseko kuyambira tsiku limene idatuluka m'fakitale, kungoti palibe adawerenga.

Ntchito iyambe, galimoto itsatire

Ndisanabwere ku wailesi ndinkaphunzitsa masamu ku pulayimale, ndipo ndinkauza ana kuti asathamangire yankho asanamvetse funso. Pogula pikapu funso lake ndi ili: kodi galimotoyi izigwira ntchito yanji pa masiku wamba? Tengani kope ndi cholembera, mulembe maulendo onse amene mukuyembekeza kuyenda pa mwezi. Pa ulendo uliwonse lembani makilomita, chiwerengero cha anthu, kulemera kwa katundu, ndi mtundu wa msewu. Mukatero mudzaona kuti mwina masiku 24 pa mwezi galimoto izingoyenda m'tauni ndi anthu awiri ndi katundu wochepa, ndipo ntchito yolemera ikhalapo masiku awiri kapena atatu basi.

Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Munthu wofuna galimoto imodzi yoti ikhale yofewa ngati ya bwana pa phula, komanso izisenza ngati lole ya matani atatu, amatsala wopanda zonse ziwiri. Pikapu imatha ndithu kugwira ntchito za mitundu iwiri, koma mkati mwa malire, ndipo malirewo ali m'manambala atatu amene aliyense wogula ayenera kuwadziwa.

Manambala atatu

Nambala yoyamba ndi kulemera konse kumene galimoto iloledwa kufika itasenza, kumene pa mapepala amalemba kuti GVM. M'menemo muli galimoto yeniyeniyo, mafuta, woyendetsa, okwera ndi katundu yense. Mukachotsapo kulemera kwa galimoto yopanda kanthu, chotsalacho ndicho mungathe kukweza. Ambiri timalakwitsa poganiza kuti pikapu ya tani imodzi ndiye kuti matumba 20 a makilogalamu 50 ndi ololedwa nthawi zonse, kuiwala kuti anthu nawonso amalemera.

Tiyeni tichite samu ndi chitsanzo. Tinene kuti pa kachitsulo alemba makilogalamu 2,800, ndipo galimoto yopanda kanthu imalemera 1,800. Otsala ndi 1,000. Woyendetsa ndi anyamata awiri okweza katundu, aliyense makilogalamu 70, atenga 210, ndipo tatsala ndi 790. Zitsulo zimene mwawotcherera kumbuyo kuti katundu asagwe, pamodzi ndi jeke, zingwe, lona ndi zida zina, tinene kuti zatenga 90. Tatsala ndi 700, ndiwo matumba 14 a chimanga, feteleza kapena simenti. Thumba lililonse loposera pamenepo likudya matayala, masipuling'i ndi mabuleki.

Katundu wina amanyenga maso chifukwa satenga malo ambiri. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero diramu la malita 200 ndi matumba anayi, ndipo thanki ya malita 1,000 ndi tani yathunthu tisanawerengere thankiyo. Mchenga wodzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu umalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, ndipo ukanyowa umaposa pamenepo. Choncho pikapu ikhoza kupyola malire ake mchenga usanafike ndi pakamwa pomwe pa bodi.

Nambala yachiwiri ndi kulemera kwa ngolo imene galimoto iloledwa kukoka. Pano opanga magalimoto amapereka manambala awiri. Ngolo yopanda mabuleki akeake isapyole makilogalamu 750, kuwerengera ngoloyo ndi katundu wake pamodzi, ndipo kwa magalimoto ang'onoang'ono malirewo ndi ocheperapo. Ngolo yokhala ndi mabuleki ikhoza kulemera kuposa apo, ndipo mapikapu ena atsopano a dizilo, monga mitundu ina ya Ford Ranger, Toyota Hilux ndi Isuzu D-Max, amaloledwa kukoka mpaka makilogalamu 3,500. Wogulitsa amakonda kutchula nambala yaikuluyo. Koma ngolo zambiri zimene amisiri athu amawotcherera m'makwalalamu, pogwiritsa ntchito ekiselo ya galimoto yakufa, zilibe mabuleki. Ngati ngolo yotere imalemera makilogalamu 250 payokha, katundu wake asapyole 500, ndiwo matumba khumi, ngakhale galimoto yokoka ikhale yamphamvu chotani.

Nambala yachitatu ndi kulemera kwa galimoto ndi ngolo zonse pamodzi, kumene amalemba kuti GCM. Iyi ndiyo imaiwalika kwambiri. Tinene kuti nambalayo ndi makilogalamu 6,000 ndipo mwakoleka ngolo ya 3,500. Galimoto yatsala ndi 2,500. Ngati payokha imalemera 2,200, ndiye kuti anthu ndi katundu wa m'galimotomo asapyole 300. Apa tikuphunzira kuti sizitheka kudzaza bodi mpaka pamalire n'kukokanso ngolo yolemera mpaka pamalire pa ulendo umodzi.

Kumbukiraninso kuti ngolo imatsamira pa galimoto. Mutu wa ngolo uyenera kukanikiza chitsulo chokolekera ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, kapena kucheperako pang'ono, ndipo kulemera kumeneko kumawerengedwa ngati katundu wa m'galimoto. Pa chitsanzo chathu chija, ngolo ya makilogalamu 750 ichotsa thumba limodzi kapena awiri pa matumba 14 aja. Tikaphatikiza 12 a m'bodi ndi khumi a m'ngolo tipeza matumba 22. Mnansi wanga uja ankafuna 40 pa ulendo umodzi, ndiwo matani awiri, ntchito ya lole.

Kukoka n'kosavuta, nkhani ili poima

Pafupifupi pikapu iliyonse ikhoza kusuntha ngolo yolemera ikaikidwa m'giya yoyamba, ndipo n'chifukwa chake eni ake amadzitama kuti galimoto yawo ndi njovu. Mayeso enieni amabwera mwana akadumphira mumsewu, kapena kabaza akakhota mosayembekezeka patsogolo panu. Mabuleki adapangidwa kuti aimitse kulemera kumene kwalembedwa pa kachitsulo kaja. Ngolo yopanda mabuleki imapitiriza ulendo wake inu mutaponda, ndipo imakankha kumbuyo kwa galimoto mpaka kuipotoza. Liwiro limaonjezera vutoli koposa mmene ambiri timaganizira, pakuti mukachulukitsa liwiro kawiri, mtunda woimira umachuluka kanayi.

Dziko lathu lili ndi mitsetse yaitali imene oyendetsa amaidziwa bwino. Pali Chiweta ku Rumphi, Khwekhwerere potsikira ku Golomoti kuchokera ku Dedza, mapiri a pa msewu wa Lilongwe kupita ku Salima, ndi chitsikiro cha kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa. Mukatsika malo otere mutangodalira phazi pa buleki, mabuleki amatentha, amayamba kununkha, ndipo pamapeto pake mumaponda koma galimoto osamva. Lamulo la oyendetsa akale likadali loona: tsikani phiri ndi giya yomwe mukadakwerera nayo, kuti injini izigwira galimoto, mabuleki azingothandizira.

Kakwezedwe ka katundu m'ngolo nakonso n'kofunika. Katundu wolemera akhale pansi, pamwamba pa ekiselo ndi kutsogolo kwake pang'ono. Mukaunjika kumbuyo, mutu wa ngolo umapepuka, ndipo liwiro likakwera ngolo imayamba kuvina uku ndi uku. Zikatero musaponde buleki mwadzidzidzi kapena kulimbana ndi chiwongolero. Chotsani phazi pa mafuta, gwirani chiwongolero mowongoka, galimoto ichepetse liwiro pang'onopang'ono. Thanki ya madzi ikhale yodzaza kapena yopanda kanthu, chifukwa madzi a theka amakhavukira mbali imodzi pokhota n'kugwetsa ngolo.

Chitsulo chokolekera ngolo chimangidwe ndi mabawuti olimba ku chasisi, ndiye msana wa galimoto. Chitsulo chowotcherera pa bampala chimathyoka tsiku limene simukuyembekeza. Pakhalenso tcheni cholumikiza ngolo ku galimoto, kuti chokolekera chikamasuka ngolo isathawire mwa anthu, ndiponso nyali za kumbuyo, zosonyeza kukhota ndi zonyezimira zizigwira ntchito. Ngolo yopanda nyali usiku ndi msampha kwa wanjinga yamoto amene akubwera pambuyo panu.

Mitundu imene ili pamsika

Tsopano popeza ntchito mwailemba ndipo manambala mwawadziwa, tiyeni tione magalimoto amene amapezeka kuno. Pansi penipeni pali timagalimoto ta ku Japan monga Suzuki Carry ndi Daihatsu Hijet, timene injini yake siposa 660cc ndipo timaloledwa kunyamula makilogalamu 350. Timamwa mafuta ochepa ndipo timalowa m'tinjira topapatiza ta ku Mtsiliza mosavuta. Kwa wogulitsa buledi, mazira kapena ndiwo zamasamba m'tauni n'tokwanira, koma si tokokera ngolo.

Pamwamba pake pali mapikapu ang'ono monga Nissan 1400, imene idapangidwa ku South Africa mpaka chaka cha 2008, ndi Nissan NP200 imene idalowa m'malo mwake, yonyamula makilogalamu 800, imenenso adasiya kupanga mu 2024. Awa amayenda ngati galimoto wamba m'tauni ndipo amatha kukoka kangolo kopepuka, koma ndi otsika, kotero m'misewu yokumbika amagunda pansi.

Kenaka pali mapikapu a tani imodzi, amene ndiwo ambiri amawaganizira akamati pikapu. Toyota Hilux idayamba kupangidwa ku Japan mu 1968, ndipo zambiri zimene timaziona kuno zimachokera ku fakitale ya ku Durban. Ford Ranger imapangidwa ku Pretoria, ndipo Isuzu, imene kale inkatchedwa KB kufikira idasinthidwa dzina kukhala D-Max mu 2018, imapangidwa ku Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth. Palinso Nissan Hardbody, Mitsubishi L200, Mazda BT-50 ndi ena ochokera ku India ndi ku China. Onsewa ali ndi chasisi cholimba ndipo ambiri ali ndi masipuling'i osanjikiza kumbuyo, n'chifukwa chake ndiwo oyenera kukoka ngolo.

Pa gulu limeneli muyenera kusankha pakati pa single cab, ya mpando wa kutsogolo wokha, ndi twin cab, ya zitseko zinayi. Single cab ili ndi bodi lalitali lokwana malata, matabwa ndi matumba ambiri, ndipo kawirikawiri mtengo wake ndi wotsikirapo. Twin cab imanyamula anthu asanu m'kati motetezeka ndi malamba, koma bodi lake ndi lalifupi, ndipo gawo lalikulu la bodilo lili kumbuyo kwa ekiselo. Mukaunjika katundu wolemera kumapeto kwa bodi lotere, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero sichimvera bwino, ndipo chasisi chikhoza kupindika kuseri kwa kebu. Ngati kope lanu likusonyeza kuti masiku ambiri mukunyamula banja, twin cab ndi yanu. Ngati likusonyeza matumba, tengani single cab.

Ngati samu yanu ikupitirira tani imodzi sabata iliyonse, lekani kuganiza za pikapu ndi ngolo. Yang'anani malole ang'onoang'ono monga Toyota Dyna, Isuzu Elf kapena Mitsubishi Canter, amene adapangidwira ntchito yotero. Ndipo ngati katundu wolemerayo amabwera kawiri kapena katatu pa chaka, nthawi yokolola kapena yomanga, kuchita hayala lole pa masiku amenewo n'kotsika mtengo kuposa kudyetsa galimoto yaikulu chaka chonse.

Injini, magiya ndi mawilo

Injini ya dizilo imapereka mphamvu zambiri ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo imamwa mafuta ochepa ikasenza katundu, n'chifukwa chake okoka ngolo amaikonda. Koma ikaonongeka pampu kapena majekita, kukonza kwake kumadula, ndipo injini zatsopano za dizilo sizipirira mafuta akuda kapena osakaniza ndi madzi ndi palafini, monga amene nthawi zina amagulitsidwa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Magalimoto ambiri a dizilo ochokera ku Ulaya ali ndi sefa ya mwaye m'paipi ya utsi, yotchedwa DPF, imene imadziyeretsa yokha galimoto ikathamanga mtunda wautali itatentha bwino. Galimoto yongoyenda kuchokera ku Mtsiliza kupita ku Area 18 n'kubwerera, pa mzere wa magalimoto oyenda pang'onopang'ono, sefa imeneyi imatsekeka. Injini ya petulo ndi yosavuta kukonza ndipo siidandaula ndi maulendo aafupi, koma ikakoka katundu imamwa kwambiri.

Pa nkhani ya magiya, osintha ndi dzanja amadziwika ndi makaniko aliyense, koma kilachi imapsa msanga ngati mumanyamuka pa chitunda ndi ngolo yolemera kapena kubwerera nayo chambuyo kawirikawiri. Otomatiki imapumitsa mwendo pa mzere wa m'tauni ndipo imanyamuka bwino ndi ngolo, koma mafuta ake amatentha ikamakoka, ndipo ikafa ndalama yake ndi yaikulu.

Nanga 4x4? Ili ndi ntchito kwa amene amalowa kumunda kapena kumudzi m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene misewu yadothi imasanduka phala. Koma ndi yodula pogula, yolemera, imamwa mafuta ochulukirapo, ndipo ili ndi zitsulo zambiri zofuna kukonza. Kwa ambiri a m'tauni, pikapu yokoka ndi mawilo akumbuyo okha, yokwera bwino kuchokera pansi, ya matayala abwino, makamaka ikakhala ndi diff lock, imakwanira. Dziwaninso kuti pikapu yopanda katundu imaterereka msanga m'matope chifukwa kumbuyo kwake n'kopepuka, ndipo matumba awiri kapena atatu a mchenga pamwamba pa ekiselo amathandiza. Amene mumakhala m'malo othithikana muyezenso pachipata ndi pokhotera panu, chifukwa galimoto yaitali mamita asanu ndi ngolo pambuyo siitembenuka paliponse.

Mtengo wogulira ndi chiyambi chabe

Walira mvula walira matope. Mukagula galimoto mwagulanso mafuta, matayala, oyilo, inshuwalansi ndi makaniko. Chitani samu iyi musanapereke ndalama. Ngati muziyenda makilomita 30 pa tsiku kwa masiku 26, ndiwo makilomita 780 pa mwezi. Galimoto yoyenda makilomita 10 pa lita imodzi idzafuna malita 78, pamene yoyenda makilomita 15 idzafuna malita 52. Chulukitsani ndi mtengo wa lita umene bungwe la MERA lalengeza, ndipo muone ngati bizinesi yanu ingabweze ndalamayo. Amene mumadutsa pa M1 kupita kummwera muwerengerenso zipata zolipiritsa za Kalinyeke ku Dedza ndi Chingeni.

Zipangizo za galimoto zimachokera kunja, kotero mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonse ziwirizo mitengo ya matayala, mabatire ndi zitsulo idakwera. Tidaonanso mizere yaitali pa malo omwetsera mafuta m'zaka za 2022 mpaka 2024. Zotere zikachitika, mwini galimoto yakumwa kwambiri ndi ya zipangizo zosowa ndiye amayamba kuimika yake pa miyala. Choncho musanasankhe mtundu, yendani m'masitolo a zipangizo ndi kwa amakaniko a m'dera lanu. Funsani mtengo wa kilachi, mabuleki, sefa za mafuta ndi masipuling'i a mtundu umenewo, ndiponso ngati zimapezeka tsiku lomwelo. Safunsa adadya phula. Galimoto imene makaniko wa ku Mponela kapena ku Jenda angaikonze inu mutafera panjira ndi yamtengo wapatali kuposa yokongola imene chitsulo chake muyenera kuchidikira mwezi wathunthu.

Amene mukuitanitsa galimoto kuchokera ku Japan kapena ku Britain kudzera pa madoko a Dar es Salaam, Durban kapena Beira, mtengo umene mwauona pa intaneti suli wonse. Pali ndalama ya sitima, ya padoko, yoyendetsera galimoto kufika kuno, ndi msonkho wa bungwe la MRA. Pitani mukafunse msonkhowo musanatumize ndalama. Ndipo musagule galimoto ndi ndalama yonse imene muli nayo, kapena ndi ngongole ya katapila. Siyani ina yosinthira oyilo, malamba a injini ndi matayala galimoto ikangofika.

Poyendera galimoto yogwirapo kale ntchito

Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Penti yatsopano isakutengeni mtima. Pitani ndi makaniko wanu, amene simudamupeze kudzera mwa wogulitsayo, ndipo mufike m'mawa injini isanalizidwe. Ikalira, yang'anani utsi. Wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti injini ikudya oyilo, woyera wosaleka ngakhale injini itatentha ukhoza kusonyeza kuti madzi akulowa m'injini, ndipo wakuda umasonyeza kuti mafuta sakupsa bwino.

Gwadani pansi muone chasisi ndi tochi, makamaka kuseri kwa kebu ndi pamene pamangidwa masipuling'i. Mng'alu, kupindika kapena chowotcherera chatsopano ndi umboni wakuti galimoto idasenzetsedwa mopyola kapena idachita ngozi. Magalimoto ochokera ku maiko ozizira, kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, amadyeka ndi dzimbiri kunsi ngakhale pamwamba akuwala. Mukaona kuti mwini wake adaonjezera masipuling'i, dziwani kuti ankanyamula katundu woposa muyezo. Kuonjezera masipuling'i kumangobisa kugona kwa galimoto, koma mabuleki, ekiselo ndi matayala zimakhala zomwe zija.

Matayala a pikapu yonyamula katundu akhale olembedwa chilembo C kapena LT, osati a galimoto yaing'ono. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza nthawi imene lidapangidwa. Mwachitsanzo 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limaphulika likatentha ndi katundu ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano. Musakhulupirire kwambiri makilomita olembedwa pa wotchi, popeza alipo amene amawabweza. Yang'anani kutha kwa zopondera, chiwongolero ndi mpando wa woyendetsa. Pomaliza iyendetseni pa chitunda, pa msewu wokumbika ndi pa phula, mukumvetsera kulira kulikonse ndi kuyang'ana ngati siikutentha.

Mapepala ndi miyoyo ya anthu

Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zimene zalembedwa pa chikalata cha umwini, chimene ambiri amachitcha blue book, ndipo dzina la wogulitsa lifanane ndi la pa chitupa chake. Ngati pali chokayikitsa, apolisi angakuthandizeni kufufuza ngati galimotoyo si yobedwa. Sinthani umwini ku ofesi ya Road Traffic mwamsanga, ndipo onetsetsani kuti COF ndi inshuwalansi zilipo. Ngolo yoyenda pa msewu wa boma nayonso imalembetsedwa ndi kukhala ndi nambala yake. Muli komweko, afotokozereni kulemera kwa ngolo imene mukufuna kukoka kuti akuuzeni ngati laisensi yanu ikukulolani kutero. Auzeninso a inshuwalansi ntchito yeniyeni ya galimotoyo, chifukwa ngozi ikachitika galimoto itapyola malire kapena ikugwira ntchito imene simudanene, akhoza kukana kulipira.

Tonse tikudziwa kuti mwini pikapu m'dera ngati lathu sakhala wa banja lake lokha. Usiku adzagogoda anansi kuti mayi wapakati apite ku Bwaila kapena wodwala ku Kamuzu Central, ndipo pa maliro mudzapemphedwa kunyamula bokosi ndi operekeza. Umenewu ndi umunthu wathu, ndipo sitingauleke. Koma bodi la pikapu lilibe mipando, malamba kapena denga, ndipo galimoto ikagubuduka onse a kumbuyo amaponyedwa pansi. Anthu khumi ndi asanu akuluakulu aposa kale tani imodzi. Musalole munthu kukhala pamwamba pa matumba, m'mphepete mwa bodi kapena m'ngolo, ndipo kumbukirani kuti kuchita matola popanda chilolezo ndi mlandu. Kuli bwino kuyenda maulendo awiri, kapena kukhumudwitsa anthu ochepa powasiya, kusiyana ndi kubweretsa maliro ena pamwamba pa maliro.

Mnansi wanga uja adagulitsa twin cab yake motaya, n'kugula single cab yakale ya dizilo imene amakaniko onse a m'dera lathu amaidziwa. Njerwa zotsala adanyamulira pa lole ya hayala masiku awiri okha, ndipo nyumba ija tsopano yafoleredwa. Ku Mitundu amapitabe Loweruka, koma anyamata akakweza thumba la 14 amawauza kuti amange chingwe, otsalawo adzawatenga ulendo wina.

Choncho omvera, musanapite kukaona galimoto, tengani kope lija muwerenge matumba, anthu ndi makilomita. Mukafika pa galimotoyo tsegulani chitseko, muwerenge kachitsulo kaja musanafunse mtengo. Amene muli ndi mafunso pa nkhaniyi tilembereni makalata, ndipo tidzayankha m'pologalamu ikubwerayi. Kufikira nthawi imeneyo, yendani bwino pamsewu, tsalani bwino.